Wailesi Imene Ndinaiyesa Yakufa

Amayi,

Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ndikhulupirira kuti miyendo ija inasiya kutupa, ndiponso kuti munapezana ndi abambo. Kuno tilipo. Ndine Fanuel, chitsiriza wanu, uja munkati manja ake ndi abwino koma makutu anangomuikira kuti mutu usaoneke wosatha.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa ndikayamba ndi zinazo mwina sindimaliza kulemba. Mpongozi wanu Tadala anachira bwino m'mwezi wa Meyi, kunabadwa mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, Edina. Akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi n'kukuyang'ana kaye, ndendende mmene munkachitira abambo akabwera ndi nthabwala zosapsa. Kamunda ka ku Njewa katipatsa matumba asanu ndi limodzi. Mbali ya kumunsi chimanga chinachita bwino, koma kumtunda ng'amba ya mu Febuluwale inachipserezeratu. Mpanda wa kuseri kwa nyumba yanu ku Kawale unagwa ndi mvula, ndipo mbuzi za a neba zinadya mpiru wonse. Mtengo wa mapeyala uja munkauopseza ndi nkhwangwa chaka chilichonse wabereka tsopano, inu mutapita.

Nkhani imene yandikhazika pansi lero ndi ya wailesi yanu, ndiponso ya achemwali Agnesi. Wailesi ija sinafe, Amayi, ndipo achemwali sanaiwononge. Ndinawanamizira pamaso pa anthu. Kuchokera tsiku limenelo, ine ndi mlongo wanga wa bere limodzi takhala tikupatsana moni wa pamsewu, ndipo ngakhale pa maliro anu tinkalankhulana kudzera mwa amalume. Zambiri mukuzidziwa kale, koma ndiloleni ndizifotokoze mwa ndondomeko yake kuti nanenso ndizione bwino.

Mukuikumbukira wailesiyo: chibokosi cha matabwa chimene abambo anapatsidwa ndi abwana awo oyamba atangofika mu Lilongwe kuchokera kwathu ku Mulanje. Mkati mwake muli timababu tagalasi timene amisirife timati mavavu. Ukaiyatsa siyankhula pompo, imadikira kuti mavavuwo afunde. Inu munkati wailesi imeneyi ili ndi ulemu, imaganiza kaye isanatsegule pakamwa, osati ngati ana anu.

Matenda atakugonetsani, achemwali anasiya makina awo osokera ku Area 23 n'kubwerera ku Kawale kudzakusamalani. Ndiwo amene ankakusambitsani, kukutembenuzani ndi kukudyetsani. Ine ndinkabwera Lamlungu ndi kabotolo ka juwisi, n'kukhala maola awiri. Tsiku lina achemwali anasamutsira wailesi kuchipinda kwanu kuti muziimva muli pabedi, ndipo anaipukuta fumbi ndi kansalu konyowa. Patapita masiku awiri, mmene ndinkadziwira ine, inayamba kusasa mawu, kenako inangotsala kung'ung'udza. Munatuma uthenga kuti ndibwere.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza kupanga makina anga oyezera mavavu. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku mukuidziwa, ndi mafoni ndi ma TV pamsika wa Chinsapo, koma mtima wanga uli pa zinthu zakalezi. Vavu sungaiweruze ndi maso. Makinawa amaipatsa mphamvu ya magetsi pang'onopang'ono, n'kumajambula mizere pagalasi yosonyeza mmene vavuyo ikuyankhira. Ikakhala yamoyo, mizere imakwera motalikirana ngati zala za dzanja lotambasula. Ikakhala yotha, mizere imagona pansi mothinana. Anga ndinawapanga ndekha kwa miyezi inayi, ndi thiransifoma ya m'chokuzira mawu chakufa ndi galasi loyezera limene ndinalitola kwa ogulitsa zitsulo ku Biwi. Ndinkawanyadira moti aliyense wobwera kunyumba, ngakhale wodzapempha machesi, ndinkamuonetsa.

Ndinazula mavavu a m'wailesi yanu n'kupita nawo kunyumba kwanga ku Chinsapo. Nditaweruka kuntchito, cha m'ma sikisi madzulo, ndinawayeza. Vavu yaikulu, imene imatulutsa mawu, inajambula mizere yogona pansi. Ndinayeza kamodzi kokha. Kunena zoona ndinasangalala, Amayi, chifukwa makina anga anali atagwira wakuba wake woyamba.

Lamlungu lotsatira m'nyumba munali anthu: amalume a Namaona, ndi amayi anayi a kumpingo amene anabwera kudzakuzondani. Achemwali ankatuluka m'chipinda chanu atanyamula beseni. Ndikanatha kuwaitanira kuseri. M'malo mwake ndinaimirira pakati pa balaza n'kunena mokweza kuti, "Achemwali, wailesi si mbale yoti muzitsuka ndi madzi. Mwaipha wailesi ya abambo."

"Ndinangopukuta fumbi pamwamba, Fanu," anatero iwo, motsitsa mawu.

"Makina sanama," ndinayankha choncho. "Madzi analowa, vavu yapsa, ndipo vavu yotere simungaipeze mu Lilongwe muno."

Inu munamva zonse chifukwa chitseko chinali chotsegula. Munandiitana, n'kuika dzanja pamwamba pa wailesi. Munati, "Koma mwanangu, usanazule mavavu, ndikaiyatsa inkafunda. Chinthu chofunda sichinafe." Ine ndinati, "Amayi, mbaula nayo imafunda, koma siimba." Amayi a kumpingo aja anaseka, nanenso ndinaseka, ndikudziona ngati munthu wanzeru. Achemwali anapita kukataya madzi ndipo sanabwererenso pabalaza mpaka alendo atapita. Ndimati ndikakumbukira kuseka kwanga kuja nkhope imanditentha, ngakhale ndili ndekha m'shopu.

Wailesi ndinaitengera kwathu n'kuiika pamwamba pa wadirobu. Ndinakubweretserani kawailesi ka mabatire, koma inu munati kamalankhulira m'mphuno. Munkangomvera makwaya a Lamlungu m'mawa n'kukazimitsa. Miyezi itatu yanu yotsiriza munagona m'chipinda cha zii, inu amene kwa zaka zonse munkaphika, kusita ndi kusenda mtedza wailesi ikulankhula. Ndipo achibale onse ankadziwa, chifukwa ndinawauza ndine, kuti wachititsa ndi Agnesi.

Tsopano imvani mmene zinaululikira. Tilipo anthu asanu okonda zipangizo zakalezi, timakumana Loweruka limodzi pamwezi m'galaja ya abambo Mbewe ku Area 25. Abambo Mbewe ndi munthu wamkulu, anapuma pa ntchito yosamala makina oulutsira mawu. Mwezi wathawu tinagwirizana kuti amene ali ndi makina oyezera mavavu abwere nawo, tiwaike pa tebulo limodzi tione abwino ndi ati. Makina anabwera atatu.

Oyamba anali a abambo Mbewe eniake, chimakina chachitsulo chakalekale chokhala ndi galasi lozungulira lobiriwira. Kuti chikwere pa tebulo tinachita kunyamula anthu awiri. Chimatenga nthawi kuti chifunde, chimatenthetsa galaja yonse, ndipo chili ndi mabatani ochuluka moti ukasokoneza limodzi ukhoza kuotcha vavu yabwinobwino. Koma chikajambula mzere, wajambulika. Achiwiri anali a mayi Jere, amene amaphunzitsa zamagetsi. Awo anaitanitsa kunja ali zidutswazidutswa n'kulumikiza okha. Ndi kathabwa kakang'ono kokwana m'dzanja, kamalumikizidwa ku laputopu. Kamaipatsa vavu mphamvu mwa kamphindi chabe, kotero sikatentha, ndipo mizere yake ukhoza kuisunga n'kudzaionanso chaka chamawa. Vuto lake n'lakuti popanda laputopu ndi kopanda ntchito, ndipo mawaya ake olumikizira vavu amafuna munthu wodekha. Achitatu anali anga, m'bokosi la pulayiwudi lopakidwa penti yabuluu. Ndinanena pamaso pa onse kuti anga safuna anthu awiri, safuna laputopu, amangofuna mutu.

Tinapangana kuti makina onse ayeze mavavu awiri, ina yatsopano ndi ina yakufa, kuti tione ngati angagwirizane. Yatsopano anabweretsa ndi mayi Jere. Yakufa ndinalonjeza ndine. Ndinatenga vavu ya m'wailesi yanu. Inali nthawi ya m'ma teni m'mawa.

Pa vavu yatsopano makina onse atatu anagwirizana, ndipo ndinayamba kale kuyenda motukumula chifuwa. Kenako abambo Mbewe anaika vavu yanu pa chimakina chawo. Tinadikira kuti ifunde. Mizere inakwera bwinobwino, yotalikirana, yokongola.

"A Fanuel," anatero abambo Mbewe akuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, "maliro anuwa akupumatu."

Onse anaseka. Ine ndinati chimakina chawo chakalamba, chayamba kuona zinthu zoti palibe. Mayi Jere anangotenga vavuyo n'kuilumikiza ku kathabwa kawo. Pa laputopu panatuluka mizere yomweyo. Anatembenuza laputopu kuti ndione bwino, n'kunena kuti, "Imeneyi ikhoza kuimba zaka zina khumi." Ndinailanda vavu ija n'kuiika pa makina anga kuti ndiwaonetse. Amayi, makina anga omwe, a penti yabuluu, anajambula mizere yokwera ngati anzawo aja.

Apa ndi pamene ndinawonjezera tchimo pa tchimo. Ndinati, "Aa, ndasokoneza. Ndatenga vavu ina, ya kasitomala. Yakufayo ndaisiya kunyumba." Ndinanama, munthu wa ndevu zanga, bambo wa mwana. Ndinakukanani inu n'kukusandutsani kasitomala kuti bokosi langa lisachite manyazi.

Abambo Mbewe sananditsutse. Anatsegula kumbuyo kwa makina anga n'kuyang'anamo nthawi yaitali, akulondola mawaya ndi chala. Kenako anafunsa kuti, "Yakufa mwaisiya kunyumbayo, munaiyeza nthawi yanji?"

"Madzulo, cha m'ma sikisi."

"Ku Chinsapo?"

"Eya."

"Nthawi imene nyumba iliyonse yayatsa mbaula yamagetsi, babu likuoneka ngati kandulo?"

Iwo anafotokoza modekha, ngati akuphunzitsa onse osati ine ndekha. Mkati mwa vavu muli kawaya kamene kamayenera kutentha mokwanira kuti vavuyo igwire ntchito. Chimakina chawo chili ndi mita ndi batani lokonzera kutenthako musanayeze. Kathabwa ka mayi Jere kamadzikonzera kokha. Makina anga ankangotenga magetsi mmene abwerera kukhoma. Magetsi akafooka, kawayako sikatentha mokwanira, ndipo vavu yamoyo, makamaka yachikulire, imaoneka ngati yatha. Pofuna kutionetsa, analumikiza makina onse atatu ku chipangizo chochepetsera mphamvu ya magetsi, n'kutsitsa mpaka kufanana ndi madzulo a kwathu. Anakonza batani la chimakina chawo, mizere yawo inabwerera pamalo pake. Ya mayi Jere sinasunthe n'komwe. Yanga inayamba kuwerama pang'onopang'ono mpaka inagona pansi, ndendende mmene ndinaionera tsiku lija.

Mayi Jere anayesa kundipepesa, amvekere, "Cholakwika chake n'chaching'ono, tikonza Loweruka likubwerali." Abambo Mbewe anakulunga vavu m'nyuzipepala n'kundipatsa m'manja. Anati, "Safunsa anadya phula, a Fanuel. Makinawa mukanabwera nawo kuno musanayambe kuweruza nawo milandu. Kasitomala wanuyo mukamupepese." Mmene ananenera mawu akuti kasitomala, ndinadziwa kuti bodza langa silinawadutse.

Nditafika kunyumba ndinatsitsa wailesi pa wadirobu, ndinabwezeramo mavavu onse, n'kuyamba kufufuza monga ndinayenera kuchitira poyamba paja. Sizinanditengere ngakhale ola. Kachipangizo kakang'ono kotchedwa kapasita, kochepa kuposa chala chamkombaphala, kanali katauma ndi ukalamba. Kanayamba kutha kalekale, nsalu yonyowa isanayandikire n'komwe, ndipo pamalo pamene kali madzi sangafikepo. M'kabati yanga ndinali nato tambiri totere. Ndinawotcherera katsopano, ndinayatsa, ndinadikira. Wailesi inafunda n'kuyamba kulankhula za mitengo ya mbewu ndi mawu ake akale aja, onenepa. Ndinaizimitsa msanga chifukwa sindikanatha kuimva. Ndinakhala pa mpando n'kulira, Tadala akundiyang'ana ali ndi mwana kumsana.

Mukuganiza kuti m'mawa mwake ndinathamangira ku Kawale? Mukundidziwa. Ndinakhala milungu itatu. Tsiku lina ndinkati ntchito yachuluka, tsiku lina ndinkati ndidikire kaye ndione ngati wailesi siyambiranso. Ndinafika poganiza zoti ndingowauza achemwali kuti ndapeza vavu ina kwa munthu wochokera ku Joni, kuti wailesi ibwerere koma mlandu ukhalebe pa iwo. Ndikulemba zimenezi kuti mudziwe mwana amene munabereka. Tadala ndi amene anandidula. Anati, "Bambo a Edina, mlandu suola. Mwanayu mwamutcha dzina la amayi, koma azakhali ake sanamunyamulepo. Mukufuna adzayambe kuyenda asakuwadziwa?"

Loweruka lapitali ndinakulunga wailesi m'bulangete n'kukwera nayo minibasi, nditaikumbatira pamiyendo. Ku Kawale ndinapeza achemwali pakhonde akusoka yunifolomu ya sukulu, chifukwa makina awo anawasamutsira kumeneko. Atandiona sanaimitse phazi. Ndinalowa, ndinaika wailesi pa kabati pamalo pake pakale, n'kuiyatsa. Itayamba kulankhula, makina osokera anaima.

Ndinatuluka n'kukhala pansi pakhonde, osati pa mpando. Ndinati, "Achemwali, simunaiphe ndinu. Vavu inali yabwinobwino. Makina anga ndi amene ananama, ndipo ine ndinakunamizirani. Ndikhululukireni."

Anadula ulusi ndi mano. Kenako anati, "Ndinkadziwa, Fanu."

Ndinafunsa kuti ankadziwa bwanji.

"Amayi anandiuza tsiku lomwelo, alendo atapita. Anati wailesi inayamba kusasa mawu Khirisimasi isanafike, ine ndisanabwere n'komwe. Ndinkafuna kudzakuuza, koma anandiletsa. Anati, musiye, n'koyamba kupanga chinthu chake ndi manja ake, ukamutsutsa pano adzachitaya ndipo sadzapanganso china. Adzazindikira yekha."

Amayi, n'chifukwa chiyani munatero? Munagona miyezi itatu m'chipinda chopanda mawu, ndipo mwana wanu wamkazi amene ankakutembenuzani anasenza mlandu wosakhala wake, zonsezi kuti bokosi langa la pulayiwudi lisanyozeke. Ndikanakonda mukanandikalipira pamaso pa amayi a kumpingo aja. Ulemu umene munandipatsawo ukundilemera kuposa chipongwe chilichonse chimene ndinalandirapo.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, mwina tigwirana chanza, ndiwauze za mwana. Koma achemwali anabwezera nsalu pansi pa singano n'kundiyang'ana. Anati, "Wailesi wabweza, zikomo. Koma unandinena pabalaza, pali amalume ndi anthu a kumpingo. Mpaka lero akazi a amalume akafuna kundibwereka ayironi amati ndisaipukute ndi madzi. Lero wabwera wekha, Loweruka masana, kulibe munthu. Ndakumva, koma dzina langa silili pakhonde pano. Lili kumene unakalisiya."

Anandipatsa madzi akumwa, anafunsa ngati mwana akuyamwa bwino, n'kupitiriza kusoka. Pochoka ndinamva wailesi ikulankhulabe m'nyumba, sanaizimitse.

Mwezi wamawa tikukaika chiliza pamanda anu. Amalume a Namaona adzakhalapo ndi akazi awo, a kumpingo adzakhalapo, ndi abale ochokera ku Mulanje. Mwambo ukadzatha, anthu asanabalalike, ndidzapempha amalume kuti andipatse mpata. Ndidzaimirira pafupi ndi inu n'kunena mokweza, monga ndinakwezera tsiku lija, kuti Agnesi sanawononge kanthu, kuti wolakwa ndine, ndipo kuti anakusamalani mpaka mapeto atasenza bodza langa. Ndikuopa kale. Ndikulonjeza kuti ndidzanena, ndipo achemwali ndawauza kale kuti ndikadzangoyamba kuzungulira, adzandidule pamaso pa onse.

Mundiperekere moni kwa abambo. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndinachedwa kukumverani.

Ndine mwana wanu,

Fanuel